Mtengo wa Mapeyala Umene Unatsalira Kutsidya

Dzina lawo lenileni linatsalira pa chikalata cha ukwati. Chigwa chonse chimawadziwa kuti a Mphukira, chifukwa chimene agwira ndi manja awo chimaphukira, chifune chisafune. Ntchito yawo ndi yokwatitsa mitengo ya zipatso. Amatenga kanthambi ka mtengo wobereka bwino, kukasongola mbali ziwiri, kukalowetsa pa tsinde la mtengo wina limene aling'amba pang'ono, n'kumanga ndi kapulasitiki. Pakatha masabata atatu maso a kanthambi kaja amatupa n'kutseguka, ndipo tsinde lija limayamba kulera mwana wosakhala wake. Pomva zimaoneka ngati masewera. Kayeseni nokha muone ngati simudzidula chala n'kupha mtengo wa eni.

Ndi munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, ndipo khutu lawo limamva chilichonse kupatula malangizo. Mpeni wawo ndi wopinda, wa chigwiriro cha nyanga, unatha pakati chifukwa cha kunola. Sudula chingwe, susenda chipatso, sukhudza nyama. Tsiku lina akazi awo anaudulira ulusi wa makina osokera, aa, m'nyumbamo munakhala ngati mwagwa maliro masiku awiri. Malamulo awo a ntchito aliyense m'chigwamo anawaloweza: kanthambi kadulidwe dzuwa lisanakwere, masamba achotsedwe pompo, kakulungidwe m'nsalu yonyowa, kasaone dzuwa mpaka kafike pa tsinde lake.

"Kanthambi ndi khanda," amatero a Mphukira. "Sikadziwa kupempha madzi. Ukakaiwala kamangofa kali chete."

Akazi awo anawapeza chifukwa cha mtengo, ndipo sabisa. Ali mnyamata anaitanidwa kukakonza munda wa mkulu wina wopuma pantchito ya njanji. Kuseri kwa nyumba ya mkuluyo kunali mtengo wa mapeyala wodabwitsa. Unkabereka m'miyezi yotentha, nthawi imene mitengo ina yonse ilibe kanthu. Peyala lake linali lodzaza manja awiri, khungu losalala lobiriwira, nthanga yaing'ono, mnofu wachikasu wopanda ulusi ngakhale umodzi. A Mphukira anapempha tinthambi titatu, mkulu uja anakana. Mwana wake wamkazi ndiye anatidula yekha m'mawa mwake n'kutibweretsa m'kampango konyowa. Chaka chisanathe mtsikanayo anatsatira tinthambi take. Paukwati anthu ankaseka kuti mnyamata wakwatira mtengo, mkazi wangobwera ngati basera.

Mtengo wa apongozi unadzagwa ndi mphepo, choncho mtunduwo unatsala kwa a Mphukira okha. Anauchulukitsa mpaka mitengo makumi asanu ndi limodzi. Pamsika ankangoti peyala la Mayi, chifukwa ogulitsa anali akazi awo, ndipo m'miyezi yotentha analibe wopikisana nawo. Ana anayi anaphunzira ndi peyala limeneli. Atatu anapita kumizinda yakutali. Womaliza, wamkazi, amene mpaka lero amangomutchula kuti Mzime, anakwatiwa ndi makaniko wa malole kutsidya kwa malire, nyumba yawo ili pafupi ndi chipata penipeni.

Nthawi imeneyo dziko linali mu Mgwirizano, uja wa mayiko oyandikana amene anapangana kuti katundu azidutsa m'malire popanda msonkho ndi mapepala. Chipata chinali chitsulo chopakidwa penti chimene chinkangokhala m'mwamba mpaka chinachita dzimbiri. A Mphukira anadutsapo atanyamula mbande ya peyala la Mayi pamiyendo m'basi, wapachipata n'kungowafunsa ngati imafuna manyowa ambiri. Anakaibzala okha pabwalo pa mwana wawo, n'kuuza mkamwini kuti akadzaupha mtengowo adzabweze mkazi.

Kenaka kunabwera malole oyera a firiji. Ogula a mu Mgwirizano ankafuna mapeyala, koma osati akuluakulu aja, ati amaphwanyika paulendo. Ankafuna timapeyala tating'ono ta khungu lokhakhala, tomwe tikapsa timada bii ngati makala. Bungwe la alimi linabweretsa tinthambi take, koma wodziwa kutikwatitsa pa mitengo yakale anali mmodzi yekha. Zaka zitatu a Mphukira sanakhale pansi. Munda ndi munda ankadula mitengo mitu, n'kusiya zitsa zolekeza m'chiuno, chilichonse ndi tinthambi take titatu tomangidwa. Kulikonse ankawalandira ndi mpando wabwino. Nkhuku zinatha m'makola chifukwa cha iwo.

Munda wawo womwe anaudula, mzere ndi mzere, mpaka unatsala mtengo umodzi, uja wa pawindo la khitchini, woyamba weniweni wa tinthambi ta m'kampango.

"Uwu wokha muusiye," anatero akazi awo. "Sindinakupempheni zambiri pabanja pano."

"Kalaliki wa bungwe akuti mitundu isasakanikirane."

"Kalaliki wa bungwe amadya kuno?"

Kunena zoona, kalalikiyo anangoti zingakhale bwino, sanati ndi lamulo. Koma munthu amene wadula mitengo ya chigwa chonse, n'kumauza anzake kuti zakale zinapita, akanasiya bwanji wakale pakhomo pake? Anzake akanati chiyani? Anadikira sabata imene akazi awo anapita kukadwazika mkulu wawo kuchipatala. Pobwera mayiwo anapeza chitsa chovala pulasitiki. Anatula chikwama pansi, anayang'ana kanthawi, kenaka anati, "Mwachita bwino. Kukhitchini kuziwala." Sanadzaitchulenso nkhaniyo, ndipo peyala lakuda sanalilawepo ngakhale tsiku limodzi.

Zaka zisanu ndi ziwiri zinayenda bwino, tisaname. Denga linasintha, njinga yamoto inabwera, a Mphukira anayamba kuvala jekete pakati pa sabata. Chinthu chimodzi chokha ndiye chinkawadya mtima. Kunyumba yosankhira zipatso kunali mphete ya pulasitiki yoyezera kukula kwa peyala. Likadutsa pamphete, lachepa, libwerere. Likakhala ndi kachipsera, libwerere. Wogwira mpheteyo anali mtsikana wa magalasi wa msinkhu wa Mzime, ndipo tsiku lina anawabwezera kireti yathunthu anthu akuona.

"Pepani agogo, ndi malamulo a Mgwirizano."

Agogo! Iwo amene anakwatitsa mtengo uliwonse umene unkadyetsa mtsikanayo! Sanagone nazo tsiku limodzi, anagona nazo zaka. Ndiye pamene inabwera nkhani yoti dziko lituluke mu Mgwirizano, boma n'kunena kuti anthu avote, a Mphukira sanafunse za msonkho kapena za mapangano. Anthu a zimkuzamawu ataima pabwalo la mpira n'kufuula kuti tikatuluka palibe mlendo adzatiyezere zipatso zathu, tidzapangana tokha ndi mayiko akutali olemera, iwo anali oyamba kuimirira n'kuwomba m'manja. Anazungulira chigwa pa njinga yamoto kuuza alimi povota, ndipo alimi anamvera, chifukwa munthuyo anali asanawalakwitsepo.

"Inu abambo," anatero akazi awo ali pa makina osokera, "munthu akatuluka m'nyumba chifukwa chitseko chikulira, amakagona kuti?"

"Za mayiko zisiyeni. Sokani."

Anasoka.

Walira mvula walira matope. Dziko linatuluka, ndipo chitsulo cha pachipata chija anachithira mafuta n'kuchitsitsa. Peyala lililonse tsopano linkafuna msonkho, chikalata cha kumene lachokera, chikalata cha matenda, chidindo pamwamba pa chidindo. Malole ankaima pamzere masiku anayi, mafuta a firiji n'kutha, zipatso n'kupsera m'makatoni. Ogula sanakangane ndi munthu. Anangotembenukira kwa alimi a mayiko amene anatsala mkati, ndipo chaka chachiwiri sipanaoneke lole yoyera ngakhale imodzi. Pangano ndi mayiko akutali lija wailesi inkalilengeza mwezi ndi mwezi kuti latsala pang'ono. Litasainidwa linapezeka kuti ndi la miyala ya pansi ndi zitsulo za galimoto. Za zipatso anati adzakambirana pa ulendo wachiwiri, ndipo ulendo wachiwiriwo mpaka lero sunanyamuke.

Alimi anayesa msika wa kwawo. Amayi ankatola kapeyala kakuda, kukatembenuza, n'kukabweza. "Zoola izi mukugulitsa? Mulibe aja akuluakulu?" Nkhumba zinadya mpaka zinayamba kusankha. Nyumba yosankhira zipatso inatsekedwa, mtsikana wa magalasi anapita kwawo, mphete yake inatsala pamsomali. Apo a Mphukira anapambana, palibe amene ankawayezeranso zipatso.

Anthu amene ankawaphera nkhuku anayamba kuyang'ana kumbali pamsewu. M'mawa wina anapeza wilibala yathunthu ya mapeyala akuda itakhuthulidwa pageti pawo, ntchentche zili ng'waa. Anadziwa mwini wilibalayo chifukwa cha tayala lake lopindika, mnzawo wa ubwana, koma sanapite kukafunsa. Anatenga fosholo n'kuwola okha. Manyazi anawagwira, ndipo chimene chinkawapweteka koposa n'chakuti akazi awo sankanena kanthu. Akanatukwana bwenzi zili bwino. Iwo ankangowaikira tiyi patebulo n'kubwerera ku makina.

Njira inalipo imodzi, ndipo onse awiri ankaidziwa. Zitsa zinali zamoyo. Kuzidulanso mitu n'kubwezerapo peyala la Mayi, pakatha zaka ziwiri mundawo ukanaberekanso m'miyezi yotentha, chipatso chimene msika wa kwawo unkachilira. Kuchokera pamenepo akanagawira chigwa chonse n'kuyendanso pamsewu mutu uli m'mwamba. Kubzala nthanga sikukanathandiza, nthanga imanama, imabereka zina, ndiponso imafuna zaka khumi zimene a Mphukira analibe. Pankafunika tinthambi tamoyo. Ndipo padziko lonse mtengo wa peyala la Mayi unatsala umodzi, pabwalo pa Mzime, kutsidya. Miyezi inapita iwo akuzengereza, chifukwa kukatenga tinthambito kunali kuvomera pamaso pa akazi awo kuti analakwa.

Amene anawadzutsa ndi Mzime, pafoni, Lachiwiri.

"Ababa, atilanda malo. Akuti amanga poimika malole, mzere watalika mpaka kusukulu. Tikusamukira m'zipinda za m'mwamba kumsika. Mtengo uja audula Lachisanu."

A Mphukira anaika foni pansi n'kuyang'ana akazi awo. "Ndikupita kukautenga," anatero. Mayiwo anaimirira. Anatsegula kabati, anatulutsa thaulo lakale lokhuthala, n'kuwapatsa.

Anafika Lachitatu madzulo. Mtengo uja unali utapitirira denga, nthambi zili gwa, maso ali otupa bwino ngati ukudziwa kuti akubwera. Lachinayi m'mamawa anakwera okha makwerero, mkamwini akugwirira pansi mtima uli m'mwamba. Anasankha tinthambi makumi anayi, tonenepa ngati pensulo, anasadza masamba, anatikulunga m'thaulo lonyowa n'kuika m'chikwama cha nsalu.

"Ababa, musatinyamule choncho," anatero Mzime. "Pachipata masiku ano chomera chamoyo sichidutsa. Onani amayi aja a nkhuni, amadutsa tsiku lililonse, palibe amawafunsa. Ndikumangireni kamtolo ka nkhuni, tinthambito tilowe pakati. Ndi mphindi makumi awiri basi, kutsidya mukatinyowetsa."

"Padzuwa? Popanda nsalu? Pakati pa nkhuni?" A Mphukira anachita ngati awatukwana. "Iwe, zaka makumi anayi sindinanyamulepo kanthambi ngati nkhuni. Ndiyambe lero, ndi mtengo wa amayi ako?"

Mkamwini naye anayesa. "Bambo, a neba athu awa sakusamuka, ndipo ali ndi mbande ziwiri kuseri. Bwanji mukwatitsepo tiwiri, mtundu utsaleko kuno? Za mawa sizidziwika."

"Utsalire anthu amene anakana zipatso zathu? Ayi. Ukupita kwawo wonse."

Mzime anayang'ana mwamuna wake, mwamuna anayang'ana pansi. Ankawadziwa bwino madalawo.

Chipata cha kutsidya anadutsa bwinobwino, kumeneko saunika zotuluka. Anayenda kamtunda ka pakati, kokhala ndi waya uku ndi uku, n'kulowa m'holo ya chipata cha dziko lawo. Munali mzere wa madalaivala onyamula mafayilo, fani imodzi yozungulira mwaulesi, ndi tebulo lalitali la simenti. Panja, pakanjira ka oyenda pansi, amayi atatu a nkhuni anadutsa akuseka, wapachipata osadzutsa n'komwe mutu. A Mphukira anaima pamzere ola lathunthu, chikwama chili pachifuwa. Thaulo analinyowetsa mokwanira, monga mwa lamulo lawo, ndipo linkadontha. Pofika kutsogolo anali atasiya kamzere ka madontho kuchokera pakhomo.

Wa kasitomu, bambo wonenepa wa maso otopa, anatsatira madonthowo ndi maso mpaka pa chikwama.

"Madala, chikudontha n'chiyani umo? Nsomba?"

Apa munthu wina aliyense akanati ndi zovala zochapa. Dalaivala amene anali kumbuyo kwawo anachita kuwatsina pamsana. Koma kuwafunsa a Mphukira za tinthambi kuli ngati kufunsa mayi za mwana wake. Anatsegula chikwama, anafunyulula thaulo patebulo, n'kuyamba kufotokoza: mtundu wake, miyezi imene umabereka, kukula kwa nthanga, mmene maso atupira. Anatola kamodzi n'kukala khungwa ndi chikhadabo kuti bwanayo aone kubiriwira kwa mkati.

"Mwaona? Tamoyo tonse, palibe kofooka."

"Tamoyo," anatero wa kasitomu, n'kupuma mozama. Anakoka fomu. "Madala, mwandiika pamavuto. Mukanangokhala chete. Chomera chamoyo chochokera mu Mgwirizano chimafuna chikalata cha woyeza mbewu. Woyezayo amabwera Lolemba."

"Lolemba? Lero ndi Lachinayi! Mtengo umenewu ndi wa kuno. Ndinautulutsa ndine pachipata pomwe pano, pamiyendo panga."

"Nthawi imeneyo tinali mkati."

"Ndiye ndibwezereni, ndibwerere nato kwa mwana wanga."

"Ndalemba kale. Ndiponso chipata cha uko sichingalole, kwa iwo tsopano tachokera kunja."

Tinthambi tija anatimata kapepala ka nambala n'kukatiika pashelefu m'kontena yachitsulo kuseri kwa holo, pamodzi ndi matayala olandidwa ndi makatoni a sopo. Wa kasitomu uja sanali munthu woipa. Anawalola kulowa kawiri patsiku ndi botolo la madzi kukanyowetsa thaulo. A Mphukira anakana kubwerera kwa Mzime, anakhala pabenchi la madalaivala moyang'anana ndi kontenayo. Anawerengera kuti tinthambi tosamalidwa bwino timapirira masiku asanu, mwina asanu ndi limodzi. Mtima unakhala pansi pang'ono.

Lachisanu cham'mawa anamva makina ocheka mitengo kutsidya. Kuchokera pabenchipo madenga a kwa Mzime ankaoneka, ndi nsonga yobiriwira ya mtengo uja pamwamba pawo. Anaimirira. Nsongayo inagwedezeka, inapendama, kenaka pamalopo panangotsala thambo. Dalaivala wina anawafunsa ngati akudwala, iwo anati ayi, n'kukhalanso pansi. Tsopano peyala la Mayi lonse linali m'thaulo limodzi, pashelefu, pakati pa matayala.

Masana a tsiku lomwelo wa kasitomu uja anaitanidwa kulikulu mwadzidzidzi. Ananyamuka ndi galimoto ya boma, kiyi wa kontena ali m'thumba. Amene analowa m'malo mwake anali mayi wa nkhope youma amene sankadziwa za madala ndi botolo lawo.

"Kiyi kulibe, bambo. Lolemba."

"Mwanangu, mulibe wina? Ndingothira madzi basi, inu mukuona."

"Ndati kulibe. Mukufuna ndithyole loko wa boma?"

Loweruka dzuwa linatuluka ngati latumidwa. Pofika masana chitsulo cha kontena sichinkagwirika. A Mphukira anachizungulira kufuna kabowo. Anathira madzi pansi pa chitseko, madziwo anangoyenda pang'ono n'kuuma. Anapempha ndowa kwa mayi wogulitsa tiyi n'kuyamba kuthira pakhoma la kontena, mbali imene kunali shelefu, ndowa ndi ndowa kuchokera pampopi wa kuchimbudzi, nthunzi ikukwera. Madalaivala anayamba ndi kuseka, ati madala akusambitsa kontena. Atamva nkhani yake analeka. Awiri anavula malaya n'kuthandiza kutunga, wina anabweretsa lona wa lole yake n'kuphimba denga. Msilikali anabwera n'kulamula kuti lona achoke, ati akubisa katundu wa boma. Lamulungu linali chimodzimodzi. Mzime anabwera ndi chakudya n'kuwapatsira pawaya, ndipo sananene kuti ndinakuuzani. Anatengera amayi ake.

Lolemba kiyi anabwera, ndipo woyeza mbewu anafika cha m'ma teni. Anali mayi wa imvi zochepa, waulemu, wonyamula kachikwama ka zida. Atatsegula kontena munatuluka mpweya ngati wa mu uvuni. Thaulo lija linali litauma gwa, lopindika mmene analisiyira. Mayiyo analifunyulula patebulo la simenti, anatola kanthambi kamodzi, anayang'ana podulidwa.

"Anadula ndani? Dzanja labwino ili."

"Ndine."

Anakala khungwa ndi chikhadabo. Mkati munali mofiirira. Anatola kena, n'kena, mpaka onse makumi anayi, a Mphukira akutsatira chala chake ndi maso. Panalibe kobiriwira ngakhale kamodzi.

"Pepani bambo," anatero mayiyo motsitsa mawu. "Koma ndikuuzeni zoona, kuti musadzidye mtima ndi kiyi. Tikanakhala tamoyo sindikanakupatsani. Pangano la zomera zamoyo pakati pa ife ndi Mgwirizano silinasainidwe, akukambiranabe. Ndikanatiwotcha pamaso panu." Anatenga fomu ija, analemba mawu awiri, anadinda. "Koma izi zauma. Nkhuni zimadutsa, sizifuna chikalata. Tengani."

Wa kasitomu wonenepa uja anawathandiza kumanga kamtoloko ndi chingwe, osawayang'ana kumaso. A Mphukira anatuluka pakanjira ka oyenda pansi, kumbuyo kwa amayi a nkhuni, ndipo palibe anawafunsa kanthu.

M'basi anakhala ndi kamtolo pamiyendo. Anaganiza zokataya pawindo, dzanja linakana. Anaganiza za mbande ziwiri za a neba a Mzime, za kamtolo ka nkhuni kamene anakakana, za mphete ya pulasitiki, za sabata ija akazi awo anali kuchipatala. Anafunafuna woti amukwiyire, boma, a zimkuzamawu, mayi wa kiyi, ndipo onsewo anali ndi gawo lawo. Koma pamapeto pa njira iliyonse ankadzipeza okha ataima ndi mpeni m'manja. Zinawawawa kwambiri.

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka. Atangolowa pageti anaima. Mtengo wa pawindo la khitchini, uja anauveka peyala lakuda, unali utadulidwa mutu. Chitsa chinali cholekeza m'chiuno, chochekedwa mosalala, chopakidwa laimu kuti chisapse ndi dzuwa, ndendende mmene iwo amachitira. Sowo inali itatsamira khoma. Pakhonde panali mbale, ndipo m'mbalemo munali timizere ta pulasitiki todulidwa ndi sizasi ya telala, tofanana kutalika, toyalidwa bwino. Pambali pake panali mwala wonolera, wonyowetsedwa kale.

Zaka zonsezi ankayesa kuti mayiwo anaiwala, kapena anakhululuka.

Akazi awo anatuluka m'khitchini akupukuta manja, zikhato zili ndi matuza a sowo. Nkhope yawo inali yowala ngati ya mtsikana wa kampango uja, ndipo a Mphukira anali asanaione choncho chidulireni mtengowo.

"Mwachedwatu. Ndimati mwina akumangani. Mwabwera nawo?"

A Mphukira anayandikira. Anangotambasula manja n'kupereka kamtolo kaja. Mayiwo anakalandira ndi manja awiri, anamasula chingwe, anasolola kanthambi kamodzi. Anakhala zaka makumi anayi pambali pa wokwatitsa mitengo, sanafunike kuuzidwa. Anakapinda pang'ono, kanathyoka kuti thyo. Anakanunkhiza pothyokapo, nthawi yaitali, maso ali pa chitsa chija.

"Mzime akuti mtengo anadula?"

"Lachisanu."

"Simunasiyeko kena kutsidyako?"

"Anandiuza. Ndinakana."

Mayiwo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anatola mbale ya timapulasitiki ija n'kukaikhuthulira m'bini. Kenaka anagwada pa mbaula ya panja, pamene panali ndowa ya madzi, n'kuyamba kusonkhezera tinthambi tija kamodzikamodzi. Tinayaka msanga, touma bwino.

"Khalani pansi, abambo," anatero osatembenuka. "Bola mwabwera ndi nkhuni. Madzi anu osamba anali asanatenthe."